Kraftwerk: Gulu Limene Linaphunzitsa Makina Kuimba

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha m'chaka cha 1945, dziko la Germany linasanduka bwinja. Mizinda inagumuka, ndipo pamodzi ndi mizindayo panagumukanso mtima wa anthu wonyadira chikhalidwe chawo. Nyimbo zambiri za makolo zinali zitadetsedwa kaamba koti boma la Adolf Hitler linkazigwiritsa ntchito pokopa anthu. Motero ana amene anabadwa nkhondo itangotha anakula akumvera nyimbo za ku America ndi ku Britain, ndipo ambiri ofuna kuimba ankangotsanzira alendowo, m'Chingerezi momwe.

Pakati pa ana amenewa panali Ralf Hütter, wobadwa mu 1946, ndi Florian Schneider, wobadwa mu 1947. Awiriwa anayambitsa gulu lawo mu 1970 mumzinda wa Düsseldorf, nalitcha Kraftwerk, kutanthauza malo opangira magetsi. Dzinali silinangobwera. Düsseldorf uli pafupi ndi chigawo cha Ruhr, kumene kunali migodi ya malasha ndi mafakitale a zitsulo, ndipo anyamatawa anaona kuti phokoso la makina ndilo linali chinenero chenicheni cha kwawo. Pang'ono ndi pang'ono anasiya chitoliro ndi gitala, nayamba kuimba ndi zipangizo zamagetsi monga synthesizer, ndiponso vocoder, chida chimene chimasandutsa mawu a munthu kuti amveke ngati a makina. Zonsezi ankachitira m'nyumba yawo yojambulira nyimbo yotchedwa Kling Klang.

Chimene chinawatchukitsa ndi chimbale cha Autobahn cha mu 1974. Nyimbo yaikulu ya m'chimbalechi imatenga mphindi zoposa 22. Imayamba ndi galimoto ikulira, kenaka womvera amangokhala ngati wakwera nawo pa msewu waukulu wa ku Germany. Mawu ake ndi ochepa kwambiri, obwerezabwereza ngati nyimbo ya ana, ndipo ali m'Chijeremani. Apa m'pamene panali kulimba mtima. Misewu ikuluikuluyi ndi imene Hitler ankadzitama nayo, koma Kraftwerk anaiimba ngati njira wamba imene munthu amayendamo dzuwa likuwala, wailesi ili pambali. Anthu a ku America, amene sankamva n'komwe mawuwo, anagula chimbalechi kwambiri mpaka chinafika pa nambala 5 mu 1975.

Kuchepa kwa mawu kunalinso ndi mavuto ake, ndipo nyimbo ya Radioactivity ya mu 1975 ndiyo umboni. Dzina lake lili ndi matanthauzo awiri: mafunde a wailesi, ndiponso cheza choopsa chochokera ku mphamvu ya nyukiliya. Oimbawo sanayamikire mphamvuyi, komanso sanaidzudzule. Anangoitchula mofatsa ngati wophunzitsa sayansi. Ena anaona ngati gululi likuikometsera. Kenaka mu 1986 malo opangira magetsi a nyukiliya a ku Chernobyl anaphulika, ndipo cheza chake chinafika mpaka ku Germany. Kukhala chete sikunathekenso. Mu 1991 gululi linajambulanso nyimboyo, nkuwonjezamo maina a malo amene anthu anavutika ndi cheza, ndiponso mawu opempha kuti zimenezi zileke. Mu 2012, poimba ku Japan, anatchulamonso Fukushima, kumene kunachitika ngozi yofanana nayo mu 2011. Nyimbo imodzi yomweyo inasintha tanthauzo chifukwa cha mawu owerengeka chabe.

Zimbale zina zinatsatira njira yomweyo: Trans-Europe Express cha mu 1977 chinaimba za sitima ya pamtunda, The Man-Machine cha mu 1978 za maloboti, ndipo Computer World cha mu 1981 za makompyuta, nthawi imene mabanja ambiri anali asanaione n'komwe kompyuta.

Chodabwitsa n'chakuti nyimbo zimene ena ankazinyoza kuti n'zozizira zinakakondedwa ndi achinyamata akuda a ku America. Mu 1982 Afrika Bambaataa wa ku New York anatenga maimbidwe a Trans-Europe Express popeka Planet Rock, ndipo anyamata a ku Detroit, mzinda wina wa mafakitale, anaphunzirako poyambitsa nyimbo za techno. Schneider anachoka m'gululi mu 2008 ndipo anamwalira mu 2020. Chaka chotsatira, dzina la Kraftwerk linalembedwa mu Rock and Roll Hall of Fame.