MBIRI YA SUKULU YA LUSO KU MAKERERE

Pa phiri la Makerere, mu mzinda wa Kampala m'dziko la Uganda, pali yunivesite ya Boma imene mbiri yace inamveka m'maiko onse a kum'mawa kwa Afrika. Ambiri aidziwa cifukwa ca madotolo, aphunzitsi ndi atsogoleri amene anaphunzira kumeneko, monga Julius Nyerere. Koma m'kati mwace muli sukulu ina yaing'ono, yophunzitsa kujambula, kusema, kuumba ndi kulinganiza maonekedwe a nsaru ndi a mabuku. Mbiri ya sukulu imeneyi ndiyo mbiri ya mlandu umene unatenga zaka zambiri osatha: kodi nchito ya manja iyenera kuyesedwa maphunziro, kuti mwini wace alandire ulemu wolingana ndi wa munthu wa mabuku?

Makerere yeniyeniyo inayamba ndi nchito za manja. Pamene Boma linaitsegula m'caka ca 1922, munali anyamata 14 okha, ndipo anali kuphunzira ukalipentala, kumanga nyumba ndi kukonza makina. Posacedwa anaonjezapo maphunziro a cipatala, a ulimi, a ziweto ndi a uphunzitsi. Sukulu pokula, maso a anthu anatembenukira ku mabuku, ndipo macaka ndi njerwa zinatsala m'mbuyo.

M'caka ca 1935 kunafika ku Kampala mai wina wa ku Mangalande, dzina lace Margaret Trowell. Amuna ace, a Hugh Trowell, anali dotolo pa cipatala ca Mulago, ndipo anachuka pofufuza nthenda ya ana yochedwa kwashiorkor. Mai Trowell anali ataphunzira kujambula pa sukulu ya Slade ku London. M'caka ca 1937 anayamba kusonkhanitsa ophunzira owerengeka pa khonde la nyumba yace, nawapatsa mapepala ndi utoto. Apa ndipo panabadwira sukulu ya luso ya ku Makerere.

Kaphunzitsidwe kace kanali kacilendo. Iye sanafune kuti ophunzira azitsanzira zithunzi za ku Ulaya. Kawiri-kawiri anali kuwafotokozera nkhani, kapena kuwakumbutsa za kumudzi, monga kukolola, msika, maliro ndi moto wolusa m'chire, nawauza kuti ayambe aona cinthuco mu mtima, pambuyo pace acilembe pa pepala. Nkhani za m'Buku Lopatulika anazijambulitsa ndi anthu akuda ndi nyumba za udzu. Ndiponso anayang'anira nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Uganda, nasonkhanitsa mbiya, madengu, mphasa ndi nyanda, imene Aganda aisula ku khungwa la mtengo wa mutuba, mbale wace wa kacere. Zimene anapeza anazilemba pamodzi ndi Klaus Wachsmann m'buku lochedwa Tribal Crafts of Uganda, limene linaturuka mu 1953.

Zipatso sizinacedwe kuoneka. Mu 1939 zithunzi za ophunzira ace zinaonetsedwa ku London. Gregory Maloba wa ku Kenya anakhala mmisiri wosema, ndipo ndiye anapanga cikumbutso ca ufulu wa Uganda mu 1962: munthu alikukweza mwana m'mwamba, atammasula ku nsaru zomkulunga. Sam Ntiro, Mcaga wa ku phiri la Kilimanjaro, anajambula abale ace ali pa nchito m'minda ya nthoci. Pambuyo pace anakhala kazembe wa Tanganyika ku London. Elimo Njau, nayenso wa ku Kilimanjaro, anajambula moyo wa Yesu pa makoma a chalichi ca ku Fort Hall ku Kenya mu 1959, nauika pakati pa mapiri ndi midzi ya Akikuyu.

Bvuto lalikuru linadza m'caka ca 1949, pamene Makerere inalumikizidwa ndi Yunivesite ya London kuti ophunzira azilandira madigiri a kumeneko. Kujambula sikunali pakati pa maphunziro opatsa digiriyo, ndipo ena mwa akuru anayesa kuti nchito yotere iribe malo pa sukulu yapamwamba. Mai Trowell analimbana nao kolimba. Koma kuti sukulu yace ipulumuke, anayenera kubvomera zina zimene poyamba sanazikonde: maphunziro oikika caka ndi caka, mayeso, ndi oyesa ocokera kunja. Motero pamene anapuma nchito mu 1958, sukuluyo inali ndi dipuloma yaceyace.

Amene analowa m'malo mwace ndiye Cecil Todd, amene anali ataphunzitsa pa Yunivesite ya Rhodes ku South Africa. Maganizo ace anasiyana kwambiri ndi a Mai Trowell. Iye anati wophunzira wa ku Afrika ayenera kudziwa zonse zimene adziwa mnzace wa ku London kapena ku Paris: mafupa ndi minofu ya thupi la munthu, malamulo oonetsera cinthu capafupi ndi capatali pa pepala, kasanganizidwe ka mitundu ya utoto, ndi mbiri ya luso la maiko onse. Masiku ace kunabwera aphunzitsi ena, monga Jonathan Kingdon, amene anajambula nyama za kum'mawa kwa Afrika mosamala kotero kuti mabuku ace anathandiza ndi akatswiri a zinyama omwe. Theresa Musoke, mmodzi wa akazi oyamba kuphunzira pa sukuluyo, anaturuka m'nyengo yomweyo. Ndipo zaka za m'ma 1960 zisanathe, luso linafika poyesedwa phunziro lopatsa digiri.

Anthu akhala alikutsutsana za aphunzitsi awiriwa. Ena ati Mai Trowell anamana ophunzira ace nzeru za kunja, monga ngati Mwafrika ndi mwana wosayenera cakudya colimba. Ena ati Todd anaphunzitsa manja bwino, koma anacotsa maso a ophunzira pa mbiya ndi nyanda za makolo ao. Mau onse awiri ali ndi coonadi cace. Akuru anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa; koma kalumo kakhala ka phindu pamene eni mudzi adziwa cimene afuna kumeta. Ophunzira amene anapambana ndi aja anatenga zida kwa mmodzi ndi mtima kwa mnzace.

Mmodzi wa otere anali mwana wa Zambia, Henry Tayali, wobadwira ku Serenje mu 1943. Iye anapita ku Makerere mu 1967, nalandira digiri yace mu 1971, napitiriza maphunziro ku Düsseldorf m'dziko la Germany. Atabwerera kwao anagwira nchito pa Yunivesite ya Zambia, kumene anasiya cifanizo ca wophunzira wotsiriza maphunziro. Zithunzi zace zambiri zinaonetsa anthu wamba ounjikana m'misika ndi m'nyumba za mowa. Anamwalira mu 1987, ndipo amisiri anzace anacha dzina lace nyumba yoonetseramo zithunzi ku Showgrounds mu Lusaka.

Caka comwe Tayali anatsiriza, Idi Amin analanda Boma la Uganda. Mu 1972 mkuru wa yunivesite, Frank Kalimuzo, anatengedwa ndi asilikari, ndipo sanaonekenso. Aphunzitsi ocokera kunja anacoka, utoto ndi mapepala zinasowa m'masitolo. Sukulu ikadatha kufa pamenepo, koma ophunzira ace akale anaigwiriziza. Posowa zipangizo za ku Ulaya, anabwerera ku dongo, ku mitengo ndi ku zitsulo zotayidwa. Francis Nnaggenda, amene anayamba kuphunzitsa kumeneko mu 1978, anasema thunthu la mtengo nalisandutsa thupi la munthu wopanda mutu ndi manja, koma loimabe ciriri, kukumbutsa amene anaonongeka pa nkhondo. Cotero umphawi unaphunzitsa cimene Mai Trowell analalikira kale, kuti zipangizo za mmisiri ziri pa khomo pace.

M'zaka za m'ma 1990 kunadza kusintha kwina. Ndalama za Boma zitacepa, Makerere inayamba kulandira ophunzira odzilipirira okha, ndipo makolo anafuna kudziwa kumene mwana adzapeza nchito. Sukulu ya luso inakuza maphunziro othandiza pa malonda: kulemba maluwa a pa nsaru, kuumba ziwiya, kusula zokometsera, kulinganiza zobvala, ndi kukonza zilembo ndi zithunzi za m'mabuku ndi za pa katundu. Dzina lace linakhala Margaret Trowell School of Industrial and Fine Arts, ndiko kuti sukulu ya luso la m'mafakitale ndi la zithunzi. Pofika 2011, pamene yunivesite inagawidwa m'makoleji, sukuluyi inaikidwa m'koleji imodzi ndi mainjiniya ndi olemba mapulani a nyumba, niikhala ndi zigawo zitatu: ca zojambula ndi zosema, ca luso la m'mafakitale, ndi ca zithunzi zofalitsira uthenga, zimene zambiri zikonzedwa pa kompyuta.

Umo ndimo unathera mlandu uja. Nchito ya manja, imene Makerere inayamba nayo mu 1922 niisiya m'mbuyo, inabwerera pa phiri lomwelo iri ndi digiri m'manja. Mnyamata kapena mtsikana wotsiriza sukulu, amene aona manyazi pouza makolo ace kuti mtima wace uli pa kujambula kapena kuumba, akumbukire kuti citenje ciri conse ndi cikuto ca buku liri lonse zinayamba ndi munthu wina amene anaphunzira kuona bwino ndi kulamula dzanja lace, ndipo kuti maphunziro amenewo atenga zaka, monga a dotolo ndi a mphunzitsi.