Mlandu Wosoŵa Lamulo

M'chaka cha 1984, amuna aŵiri a ku Britain, Robert Schifreen ndi Stephen Gold, adaloŵa mopanda chilolezo m'makompyuta a British Telecom. Schifreen adafika ngakhale posungira mauthenga a Prince Philip. Chitseko sadathyole, katundu sadabe. Nanga akadaimbidwa mlandu wanji?

Posoŵa lamulo loyenera, boma lidaŵazenga mlandu wopanga chikalata chachinyengo, ndipo mu 1986 adapezeka olakwa. Koma mu 1988 bwalo lalikulu la House of Lords lidagamula kuti nambala yachinsinsi, imene makina amaisunga kamphindi chabe, si chikalata. Mlandu udathera pomwepo.

Chigamulochi chidadzidzimutsa aphungu a Nyumba ya Malamulo. Motero mu 1990 adakhazikitsa lamulo lotchedwa Computer Misuse Act, lonena kuti kuloŵa kokhako ndi mlandu. Ku Malaŵi lamulo lotere lidadza mu 2016.