Kodi Tilawe Kangati? Mbiri ya William Gosset

Mayi aliyense wofulula masese ku Ndirande kapena ku Bangwe amadziwa kuti mowa wa sabata ino sufanana ndi wa sabata yatha, ngakhale mgolo uli womwewo ndipo manja ali omwewo. Chimera china chimakhala champhamvu, china chofooka, ndipo kukazizira m'mwezi wa June mowa umachedwa kupsa. Mayiyo amatunga ndi chikho, nalawa, nagamula. Akaphonya, wataya ndalama za sabata imodzi. Koma fakitale yonga ija imene Carlsberg inatsegula ku Makata mu 1968, yoyamba kunja kwa dziko la Denmark, ikaphonya ndiye kuti mabotolo zikwizikwi aonongeka pamodzi ndi mbiri ya kampani. Tsono pali funso limene limaoneka lachibwana koma ndi lolemera: tilawe kangati, kapena tiyeze kangati, tisanagamule kuti chimera ichi chaposa icho? Munthu amene anayankha funsoli ndi masamu anali wofulula mowa, ndipo anagwira ntchito pa kampani imodzi zaka 38.

William Sealy Gosset anabadwira ku Canterbury, m'dziko la England, mu 1876. Ataphunzira kemisitiri ndi masamu ku Oxford, analembedwa ntchito mu 1899 ndi kampani ya Guinness ku Dublin, imene pa nthawiyo inkafulula mowa wochuluka kuposa fakitale ina iliyonse pa dziko lapansi. Eni kampani anali atayamba kulemba anyamata ophunzira sayansi chifukwa anaona kuti lilime ndi mphuno za akuluakulu sizikanathanso kulondera mowa wochuluka chotero. Anyamatawo ankayeza shuga wa m'chimera cha barele, mphamvu ya hops, chomera chimene chimapatsa mowa kuwawa kwake, ndiponso kuchuluka kwa yisiti. Manambala anaunjikana m'mabuku, koma panalibe wodziwa kuwamasulira. Muyeso wa lero ukasiyana ndi wa dzulo, kodi chasintha ndi chimera kapena kwangokhala kuphonya kwa woyeza?

Masamu oyankhira funso lotere analipo kale, koma anali masamu a anthu olemera ndi zitsanzo. Karl Pearson wa ku University College ku London, amene anali mfumu ya maphunzirowa, ankayeza zinthu mazanamazana kapena zikwi asananene kanthu. Wofulula mowa alibe mwayi umenewo. Barele amakololedwa kamodzi pa chaka, ndipo kufulula mowa wongoyesera kumadya ndalama ndi masiku. Kawirikawiri Gosset ankakhala ndi miyeso inayi, isanu, ikachuluka khumi. Mu 1904 analembera akuluakulu a kampani lipoti lofotokoza vutoli, ndipo iwo anamulola kukakhala kwa Pearson mu 1906 ndi 1907.

Zimene anachita kuti atsimikize maganizo ake n'zoyenera kuzifotokoza bwino, pakuti mwana wa Fomu 2 akhoza kuzibwereza. Panali miyeso, yosindikizidwa kale, ya msinkhu ndi kutalika kwa chala chapakati kwa akaidi 3,000. Gosset analemba miyeso ya mkaidi aliyense pa kakhadi kakekake, nasakaniza timakhadito, nayamba kutola tinayitinayi mpaka anapeza timagulu 750. Popeza avereji yeniyeni ya akaidi onse ankaidziwa, anatha kuona ndi maso mmene kagulu ka anthu anayi kamaphonyera, ndiponso kuti kuphonya kwakukulu kumadza kangati. Anapeza kuti masamu akale ankapatsa munthu wa zitsanzo zochepa chikhulupiriro chimene sanayenere kukhala nacho. Tinene mwa manambala a masiku ano: pofuna kutsimikiza 95 pa 100, wokhala ndi miyeso yambirimbiri amachulukitsa mpata wake wokayikira ndi 1.96, wa miyeso inayi ayenera kuchulukitsa ndi 3.18, wa miyeso iwiri yokha, ndi 12.7. Apa Gosset sanaletse munthu kugamula ndi zitsanzo zinayi ayi. Anangomuuza kukula kwa mpata umene ayenera kusiyira chikayiko.

Nkhaniyi inatuluka mu 1908 m'magazini ya Pearson yotchedwa Biometrika, koma dzina la Gosset silinalembedwepo. Guinness sinkalola antchito ake kusindikiza zofufuza zawo m'mayina awo, poopa kuti opikisana nawo angadziwe zinsinsi za m'fakitale. Choncho iye anadzitcha "Student", ndiye kuti wophunzira. Inu amene munavutika ndi tebulo la t ku Chancellor College kapena ku Polytechnic, mwina munkayesa kuti Student's t anaitcha choncho chifukwa ndi ya ana a sukulu. Iyayi, ndi dzina lobisalira la bambo wa ntchito yake.

Poyamba ndi ochepa amene anasamala za nkhaniyi, ngakhale Pearson weniweniyo. Amene anaona kulemera kwake anali mnyamata wina wa ku Cambridge, Ronald Fisher, amene mu 1912 anatumizira Gosset masamu otsimikiza zimene iye anapeza mongopapasa. Fisher atapita ku malo ofufuzira zaulimi a Rothamsted mu 1919, anamanga nyumba yaikulu pa maziko amenewa, ndipo mabuku ake a 1925 ndi 1935 ndiwo anafalitsa njirazi pa dziko lonse.

Komabe awiriwa anadzasemphana maganizo, ndipo mkangano wawo unali wa m'munda. Guinness inkafuna mtundu wa barele wobereka kwambiri ndiponso wopatsa chimera chabwino, choncho Gosset anathera zaka zambiri akusanthula zokolola za m'minda yoyesera ku Ireland, mogwirizananso ndi E. S. Beaven, katswiri wa barele wa ku Warminster. Vuto lake mlimi aliyense amalidziwa. Chimanga cha pachulu chimaposa cha pamtunda wa miyala ngakhale mbewu ili imodzi. Mukadzala mbewu A kumunsi konyowa ndi mbewu B kumtunda, mudzayamikira mbewu pamene yachita bwino ndi nthaka. Gosset ankakonda kudzala mizere mosinthana, A, B, B, A, kubwerezabwereza mpaka kumapeto kwa munda, kuti kusiyana kwa nthaka kugwere mbewu zonse ziwiri mofanana. Fisher anakana. Iye anati malo a mbewu iliyonse azisankhidwa mwa maere, chifukwa ndi maere okha amene amalola munthu kuwerengera moona kukula kwa kuphonya kwake. Gosset anayankha kuti maere akhoza kuika mbewu imodzi pabwino pokhapokha, ndipo munthu amene akuona zimenezo ndi maso ake sayenera kungoti poti maere atero.

Ine ndimaona kuti onse awiri ankayankha mabwana osiyana. Fisher ankayankha akatswiri anzake, amene amafuna umboni wosatsutsika. Gosset ankayankha anthu ogula barele ndi ndalama, ndipo kuyambira pachiyambi ankanena kuti kukula kwa chitsimikizo chimene munthu afune kumadalira phindu limene angapeze akalondola, poyerekeza ndi mtengo wa kuyesako. M'mabuku anapambana ndi Fisher, ndipo timinda ta zikwangwani timene mumaona ku Bvumbwe kapena ku Chitedze timayalidwa kawirikawiri mwa njira yake.

Sikuti Gosset sankadziwa kuipa kosankha ndi mtima. Mu 1930, ku Lanarkshire m'dziko la Scotland, anayesa ubwino wa mkaka pa ana a sukulu 20,000: theka linkamwa mkaka kwa miyezi inayi, theka ayi. Aphunzitsi analoledwa kusintha mayina m'magulumo, ndipo mwachifundo anaika ana osauka ndi oonda ku gulu la mkaka, monga akanachitira mphunzitsi aliyense wa ku Zingwangwa atapatsidwa phala loti agawe. Anawo anawayezanso atavala, mu February zovala zolemera za chisanu, mu June zopepuka. Mu 1931 Gosset anasonyeza kuti zimenezi zinasokoneza zotsatira, nati mapasa ofanana owerengeka, mmodzi kumpatsa mkaka wina mnzake wina, akanayankha bwino funso la mkaka wosaphitsa ndi wophitsa pa mtengo wochepa kwambiri.

Mu 1935 Guinness inamutumiza ku London kukakhala mkulu wa ofulula mowa pa fakitale yake yatsopano ya Park Royal. Anamwalira ndi matenda a mtima mu October 1937 ali ndi zaka 61, mkangano wake ndi Fisher usanathe. Yankho lake lomaliza pa nkhani ya mizere ndi maere linasindikizidwa mu Biometrika mu 1938, pansi pa dzina lomwe lija la Student.