Liwiro la disiki: mawu amodzi, zinthu ziwiri

Pa Ulongwe, m'mbali mwa msewu wa M3 wochoka ku Liwonde kupita ku Mangochi, anyamata oika nyimbo ndi mafilimu m'mafoni akudalirabe makompyuta akale. Makina akayamba kuchedwa, onse amangoti, "Ilibe liwiro." Mawu amenewa ine sindigwirizana nawo, chifukwa akuphimba zinthu ziwiri zosiyana.

Mukayeza disiki ndi pulogalamu ngati HD Tune, manambala ofunika amatuluka awiri. Yoyamba imanena mamegabayiti amene akudutsa pa sekondi. Yachiwiri, ya mamilisekondi, ndi nthawi imene kasingano kowerenga kamatenga kuti kafike pamene pali fayilo, kuphatikizapo kudikira mbale yozungulira ka 5400 kapena 7200 pa mphindi kuti ibweretse malowo. Kukopera filimu imodzi yaikulu kumadalira nambala yoyamba. Nyimbo mazanamazana zomwazikana m'disiki zimadalira yachiwiri. Yoyambayo tingaitche "mlingo wodutsa", inayo "nthawi yofunafuna". Chichewa chikukwana bwinobwino pamenepa, ndipo wophunzira wa fomu 3 angamve msanga.

Koma pa kontirola, kachipangizo kolumikiza disiki ndi kompyuta, maganizo anga ndi ena. Alipo amene amafuna tizinena "chowongolera", koma munthu akamva zimenezo amaganiza za chiwongolero cha galimoto, ndipo wogulitsa zipangizo ku Limbe sangadziwe chimene mukufuna. Chonsecho vuto limabisala pomwepo kawirikawiri. Disiki ya IDE yolumikizidwa ndi lamba wa mawaya 40 siipyola mamegabayiti 33 pa sekondi, pamene wa mawaya 80 amalola 100 kapena 133. Windows XP nayo ikakumana ndi zolakwika mobwerezabwereza imachoka pa njira yachangu ya DMA n'kubwerera ku njira yochedwa ya PIO. Mnyamata wosadziwa izi amafomata disiki yabwinobwino, nyimbo za makasitomala n'kutayika, kuchedwa kuli pomwepo.

Pa nkhani yopanga mawu, bungwe la Chichewa Board la mu 1972 linalowedwa m'malo ndi Centre for Language Studies ya ku Zomba mu 1996, koma mu 2014 boma linalamula kuti ana aziphunzira m'Chingerezi kuyambira sitandade 1. Ndiye mawu a sayansi adzapangidwira kuti? Ndikupempha akatswiri a ku Zomba kuti maina a zipangizo awasiye momwe amagulidwira pamsika, koma zinthu zimene timayeza azipatse maina a Chichewa, ndipo asanawalembe m'buku akawayesere kaye kwa okonza makompyuta.