Kuzungulira Bwalo Kawiri

Pa tsiku la masewera a masukulu ku Petauke kapena ku Nyimba, mwina munaonapo mtsikana wa ku sekondale akuthamanga mamita 800 wopanda nsapato. Azungulira bwalo kawiri, anzake atsalira kutali, anthu aomba m'manja. Caka cotsatira simumuonanso. Musanene msanga kuti cinali cibwana cabe. Yambani mwamva mbiri ya liwiro limeneli.

Akazi anathamanga mamita 800 pa Olimpiki koyamba mu 1928 ku Amsterdam, ndipo Lina Radke wa ku Germany ndiye anapambana. Koma manyuzipepala analemba kuti akaziwo anagwa pansi ndi kutopa. Akuluakulu a masewera anagamula kuti mtunda wotere suyenera thupi la mkazi. Motero liwiroli linacotsedwa kwa zaka 32, kufikira mu 1960 ku Rome. La mamita 1,500 analiloleza mu 1972. Atsikana a zaka zonsezo mphamvu anali nazo, koma mpata anawamana.

Tsopano tiyang'ane kwa anansi athu a ku Mozambique. Makolo anu akumbukira nkhondo ya m'dziko limenelo, pamene anthu othawa kwawo anadzakhala ku Ukwimi, m'boma la Petauke la masiku amenewo. M'zaka zomwezo, ku Chamanculo mumzinda wa Maputo kunali mtsikana dzina lake Maria Mutola, wobadwa mu 1972, amene anali kumenya mpira pamodzi ndi anyamata. Mlembi wa ndakatulo José Craveirinha anaona kathamangidwe kake, namlimbikitsa kuyesa liwiro. Mwana wa bamboyo, Stélio, anayamba kumphunzitsa.

Mu 1988, ali ndi zaka 15, Maria anathamanga pa Olimpiki ku Seoul, koma anagonja pa ndime yoyamba. Sanaleke. Mu 1991 anapita kukaphunzira ku sekondale ya Springfield ku Oregon, ku America, kumene Margo Jennings anamphunzitsa liwiro. Mu 1993 ku Stuttgart anakhala katswiri wa dziko lonse lapansi pa mamita 800. Mu 2000 ku Sydney anapatsa Mozambique mendulo yake yoyamba ya golidi ya Olimpiki. Pa Olimpiki yake yomaliza, mu 2008 ku Beijing, anafika pa nambala 5, ndipo wopambana anali Pamela Jelimo wa ku Kenya, mtsikana wa zaka 18.

Mwaona kodi? Mphatso imeneyi ionekera pa msinkhu wa sukulu, ndipo ifuna munthu woizindikira. Akulu anati m'mera mpoyamba. Kuno kwathu, msinkhu womwewo ndi umene atsikana ambiri asiyira sukulu cifukwa ca mimba kapena ukwati. Koma kuyambira mu 1997 boma la Zambia lilola mtsikana wobereka kubwerera ku sukulu, ndipo lamulo la mu 2023 liletsa ukwati wa aliyense wosafika zaka 18. Ngakhale kubereka sikuthetsa liwiro: Faith Kipyegon wa ku Kenya, amene anayamba wopanda nsapato, anabala mwana mu 2018, nadzapatanso golidi wa mamita 1,500 mu 2021 ndi mu 2024.

Nanga gulu lanu la acinyamata pa mpingo lingacitepo ciani? Pimani mamita 400 kuzungulira bwalo la mpira. Tengani nthawi ndi foni, ndipo muzilemba m'buku mwezi ndi mwezi. Bukulo mukaonetse aphunzitsi a masewera. Anyamata, lekani kuseka mlongo wanu akavala kabudula. Mthandizeni kutunga madzi kuti apeze nthawi yokonzekera. Pemphani amai a mpingo akambirane ndi makolo ake.

Ndipo iwe mtsikana wothamanga, gwiritsa sukulu. Maria Mutola njira yake inadzera m'kalasi. Yakonso idzera momwemo.