Ng'oma m'tchalitchi: mmene inalowera ndi mmene kiyibodi inaisokonezera

Ambiri amati ng'oma zinalowa m'tchalitchi ndi mipingo ya Pentekoste. Ukamva kugunda kwa Lamulungu m'mawa ku Ndirande kapena ku Kawale ungavomere, koma mbiri ikukana.

Amishoni oyamba, a Livingstonia mu 1875, a Blantyre mu 1876 ndi a Dutch Reformed ku Mvera mu 1889, ankaona ng'oma ngati chida cha kudambwe ndi kumowa. Ku Embangweni, Donald Fraser analimbikitsa Angoni kupeka nyimbo zachikhristu m'mayimbidwe a kwawo, koma kumeneko nyimbo inkayendetsedwa ndi mawu ndi mapazi.

M'mipingo ya amishoni, chitseko chinatsegulidwa ndi Akatolika. Ku Congo, Missa Luba inali itayamba kale kumveka ndi ng'oma mu 1958, ndipo Msonkhano Wachiwiri wa Vatican, kuyambira 1962 mpaka 1965, unalola kuti anthu apembedze ndi zoimbira za makolo awo. Ng'oma ndi maseche zinalowa mu Misa. Pofika 1978 ku parishi ya Balaka kunabadwa Alleluya Band.

Woimba ng'oma wa masiku amenewo ankaphunzira ndi khutu. Mayi akayambitsa kolasi, mpingo n'kuwomba m'manja, iye ankapeza pamene phazi likuponda n'kulowerapo. Ankatsatira anthu, kenako n'kuwagwira kuti asathamange.

Zinthu zinasokonekera m'zaka za m'ma 1990, pamene kiyibodi yokhala ndi ng'oma zake m'kati inafalikira. Mipingo inaikonda pa chifukwa chomveka: munthu mmodzi ankagwira ntchito ya bandi yonse, mtengo wake n'kuchepa. Ma studio nawonso anayamba kujambula nyimbo zauzimu ndi ng'oma za pakompyuta. Tsono makina samva mpingo. Woimba akadina batani, liwiro ndi lomwelo mpaka mapeto, kaya agogo atsalira mzere wathunthu, kaya mlaliki akufuna nyimbo itsike kuti apemphere. Anthu ndiwo anayamba kuthamangira chida. Choipitsitsa n'chakuti magule athu ngati manganje ankapanikizidwa kuti akwane mu reggae kapena rumba ya m'kiyibodimo. Anyamata amene akanaphunzira kwa akuluakulu anakula opanda ng'oma yoti agwire.

Ng'oma zachizungu zitachuluka m'mipingo ya m'tauni, anyamata ambiri anakaphunzira pa YouTube, kutengera nyimbo za Hillsong ndi za ku Nigeria ndi ku South Africa. Manja ali nawo, zokometsera amazidziwa, nthawi zina mopyola muyezo. Koma nyimbo ikafika pokoma amaithamangitsa osadziwa, ndipo yapang'onopang'ono amaidzaza ndi phokoso mpaka mawu osamveka.

Chipembedzo chimodzi lero chimafuna nyimbo ya m'buku, kolasi yovina, sungura pa nthawi ya chopereka, ndi kugunda kofewa pansi pa pemphero. Amayi a Mvano akayambitsa yawo mosachenjeza, m'mipingo yambiri woimba ng'oma amayamba wadikira kuti wa kiyibodi amupatse poyambira.