Bwalo la Mpira Likamera Udzu

Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Mwambiwu unkaonekera bwino pa timu ya mpira ya m'mudzi, imene inkafuna anyamata 11 osewerera ulemu wa kwawo popanda malipiro. Akatha kukolola, ankalambula bwalo, n'kuzika nsungwi za pagolo, n'kuitana mudzi woyandikana nawo.

Koma msonkho unkafuna ndalama, ndipo Wenela inkatenga anyamata amphamvu kupita nawo ku migodi ya ku Joni. Ndege itagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu Banda analetsa ulendowo. Komabe mizinda ya konkuno inapitiriza kukoka achinyamata. Likulu litasamukira ku Lilongwe mu 1975, ntchito zomanga zinachuluka, pamene ku Blantyre matimu a makampani monga Bata Bullets ankakopa aluso. Akachoka atatu kapena anayi, otsala ankalephera kukwana, ndipo bwalo linkamera udzu.

Lero ambiri amene ali kutali amatumiza mipira ndi mayunifolomu kwawo, pakuti madzi saiwala khwawa. Chosowabe ndi anyamata oti avale mayunifolomuwo.